Mankhwala a antioxidant othandiza ovulazidwa ndi cheza cha nyukiliya kapena zida za poizoni: mafunso ndi mayankho

Munthu akapulumuka tsiku loyamba la ngozi ya nyukiliya, kapena akatuluka wamoyo mu utsi wa poizoni, sikuti mavuto atha. Ambiri amadzayamba kubanika, kukhosomola kapena kuiwalaiwala patapita masabata ngakhale miyezi, poizoniyo atachoka kalekale m'thupi. Kuwonongeka kopitirira kumeneku ndi kumene ofufuza akufuna kukuletsa ndi mankhwala a antioxidant, amene amathana ndi tizinthu taukali towononga maselo a m'thupi. Nawa mafunso amene anthu amakonda kufunsa pa nkhaniyi.

Cheza cha nyukiliya ndi mpweya wa poizoni ndi zinthu zosiyana. Zingatheke bwanji kuti mankhwala amodzi athandize pa zonse ziwiri?

N'zoona kuti zimalowa m'thupi mosiyana. Cheza chimaboola khungu mpaka kufika m'mafupa, chlorine amawotcha njira ya mpweya, poizoni wotchedwa mustard amamatirira ku DNA, pomwe sarin amasokoneza minyewa. Koma zikavulaza maselo, zimene zimatsatira zimafanana kwambiri. Maselo ovulala amayamba kutulutsa tizinthu taukali tochokera ku okosijeni, timene asayansi amatitchula kuti ma free radical. Tizinthuti timang'amba zikopa za maselo, timawononga mapuloteni, timadula DNA. Asilikali a m'thupi amathamangira pamalo povulalapo kuti akathandize, koma nawonso amatulutsa tizinthu tomweti monga chida chawo, ndipo malowo amatupa n'kupitiriza kuwonongeka.

Apa ndi pamene pagona chiyembekezo. Ngozi ikagwa, madokotala nthawi zambiri sadziwa msanga kuti anthu apuma chiyani kapena alandira cheza chochuluka bwanji. Mankhwala olimbana ndi kuwonongeka kumene poizoni onsewa amayambitsa angathe kuperekedwa asanadziwe n'komwe dzina la poizoniyo.

Kodi thupi lilibe chitetezo chakechake ku ma free radical?

Lili nacho, ndipo n'champhamvu. Tsiku lililonse maselo athu akamagwiritsa ntchito okosijeni popanga mphamvu, ma free radical ena amapangika, ndipo thupi limawachotsa ife osadziwa. Pali enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'maselo) yotchedwa superoxide dismutase, mwachidule SOD, imene Joe McCord ndi Irwin Fridovich a pa yunivesite ya Duke ku America anatulukira ntchito yake mu 1969. Imagwira free radical wotchedwa superoxide n'kumusandutsa hydrogen peroxide, kenako enzyme ina, catalase, imasandutsa hydrogen peroxide uja kukhala madzi ndi okosijeni. Palinso glutathione, amene amapezeka wambiri m'maselo komanso m'timadzi tonyowetsa m'kati mwa mapapo.

Chitetezo chimenechi chinapangidwira ntchito ya tsiku ndi tsiku. Cheza champhamvu chikadutsa m'thupi, chimaphwanya madzi a m'maselo, ndipo poti gawo lalikulu la thupi ndi madzi, ma free radical amabuka paliponse nthawi imodzi. Pa cheza cha gamma ndi cha X-ray, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kuwonongeka kwa DNA amabwera kudzera m'njira imeneyi, osati chifukwa chezacho chagunda DNA mwachindunji. Mustard ndiye amachita zoipa kwambiri, chifukwa amagwirana ndi glutathione n'kumumaliza, maselo n'kutsala opanda chowateteza.

Cheza chimapha bwanji munthu, ndipo chimatenga nthawi yaitali bwanji?

Zimatengera kuchuluka kwake. Mlingo wa cheza chimene thupi lalandira amauyeza m'ma gray. Munthu akalandira pafupifupi gray 1 thupi lonse, mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi amayamba kufooka. Pa ma gray pafupifupi 4, theka la anthu amamwalira m'miyezi iwiri ngati salandira chithandizo, makamaka chifukwa cha matenda olowa poti chitetezo chatha, komanso kutaya magazi. Mlingo ukayandikira ma gray 10, matumbo amasupuka m'kati. Ukafika makumi angapo, ubongo ndi mitsempha ya magazi zimagonja m'masiku ochepa. Tinene pano kuti X-ray ya kuchipatala ili kutali kwambiri ndi milingo imeneyi, ndipo palibe chifukwa choikanira dokotala akailamula.

Chimene chimanyenga n'chakuti wodwala amasanza maola oyamba, kenako amaoneka ngati wachira kwa masiku angapo, m'kati zinthu zikuipiraipira. Ku Chernobyl ku Ukraine, fakitale ya magetsi a nyukiliya itaphulika pa 26 Epulo 1986, antchito ndi ozimitsa moto 134 anapezeka ndi matenda a cheza amenewa, ndipo 28 anamwalira m'miyezi yoyambirira.

Pali vuto lina limene laonekera bwino masiku ano chifukwa madokotala aphunzira kupulumutsa magazi. Munthu amene mafuta a m'mafupa mwake achira amatha kudzayamba kupuma movutikira patapita mwezi umodzi mpaka miyezi 6. Mapapo amatupa, kenako amachita zipsera n'kuuma, moti mpweya sulowanso bwino m'magazi. Mankhwala ambiri a antioxidant amene akufufuzidwa alunjika pa vuto la mapapo limeneli, chifukwa mpaka pano palibe mankhwala ovomerezeka ochizira ilo kwa ovulala pa ngozi ya nyukiliya.

Nanga mankhwala amene alipo kale sakukwanira?

Alipo abwino ndithu, koma aliwonse amagwira kantchito kake kokha. Mapiritsi a potassium iodide amateteza chithokomiro basi, ndiponso ku iodine wa cheza yekha, akamwedwa pa nthawi yake. Kufunika kwake kunaoneka pambuyo pa Chernobyl, pamene anthu oposa 6,000 amene anali ana pa nthawi ya ngoziyo anadzapezeka ndi khansa ya chithokomiro pofika 2005. Mankhwala a Prussian blue amagwira cesium wa cheza m'matumbo kuti atuluke ndi chimbudzi, ndipo anagwiritsidwa ntchito ku Goiânia m'dziko la Brazil mu 1987, anthu ataphwanya makina akale ochizira khansa n'kugawana ufa wowala wa buluu umene anaupeza m'katimo. Anthu anayi anamwalira. Mankhwala a DTPA amakokera plutonium ndi americium, zitsulo zotulutsa cheza, kunja kudzera mu mkodzo.

Palinso majakisoni olimbikitsa mafuta a m'mafupa. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza filgrastim ndi pegfilgrastim pa ntchito imeneyi mu 2015, sargramostim mu 2018, ndi romiplostim mu 2021. Ameneŵa amathandiza magazi kubwerera m'chimake. Mapapo, matumbo, khungu ndi impso zimatsalabe zopanda mtetezi.

Palibe antioxidant amene anavomerezedwa kale pa nkhani ya cheza?

Alipo amodzi, amifostine, ndipo mbiri yake ikuonetsa bwino pamene pali mfundo yovuta. Mu 1949, Harvey Patt ndi anzake anaona kuti makoswe opatsidwa cysteine asanaikidwe pa X-ray yakupha ankapulumuka. Nkhondo yoopsezana ya America ndi Soviet Union itafika pachimake, likulu la kafukufuku la asilikali la Walter Reed linayesa mitundu ya mankhwala yoposa 4,000, ndipo opambana onse anali amene anawapatsa nambala ya WR-2721. Ameneŵa ndiwo amifostine. Lero amaperekedwa kwa odwala ena a khansa, mwachitsanzo poteteza timatumba topanga malovu kwa amene akuwotchedwa khansa ya m'mutu ndi m'khosi.

Kwa msilikali kapena wozimitsa moto, mankhwalawa sanathandize. Amatsitsa kuthamanga kwa magazi, amachititsa nseru ndi kusanza, ndipo nthawi zambiri amadzera m'mitsempha. Choposa zonse, ayenera kukhala ali kale m'thupi cheza chisanafike. Free radical woopsa kwambiri, wotchedwa hydroxyl, amawononga n'kuzimirira m'kanthawi kochepa kwambiri kuposa kuphethira kwa diso, choncho mankhwala obwera pambuyo sangamupeze. Wodwala khansa amadziwa ola limene akalowe m'makina. Ngozi siuza munthu tsiku.

N'chifukwa chake ofufuza anasintha funso. M'malo mofuna kutchinga funde loyamba lija la ma free radical, anayamba kuyang'ana lachiwiri, limene limachokera m'maselo ovulala ndi m'malo otupa, ndipo limapitirira kwa masabata ndi miyezi. Limeneli lingathe kufikiridwa ngakhale wodwala atafika kuchipatala mawa lake. Boma la America likamathandiza kafukufuku wotere, kawirikawiri limafuna mankhwala oti agwire ntchito ataperekedwa patatha maola 24 kapena kuposerapo, chifukwa mzinda ukasokonekera thandizo silifika msanga.

Mankhwala atsopanowa akusiyana bwanji ndi vitamini C kapena E?

Vitamini C akagwira free radical amakhala watha mphamvu mpaka thupi litamubwezeretsa. Ali ngati chidebe cha madzi pa nyumba imene ikuyaka: mukachikhuthula, chatha. Mankhwala atsopanowa ali ngati paipi ya madzi yosaphwa. Ndi timamolekyu ting'onoting'ono totsanzira SOD, ndipo tambiri tili ndi atomu ya manganese pakati. Atomuyo imalandira ndi kupereka ma electron mobwerezabwereza, moti molekyu imodzi imathana ndi ma free radical ochuluka zedi osatha.

Wina angafunse kuti bwanji osangobaya munthu SOD yeniyeniyo. Anayesapo. Koma SOD ndi puloteni yaikulu, silowa bwino m'maselo, ndipo sichedwa kuchoka m'magazi.

Odziwika kwambiri pa nkhani ya ngozi ndi AEOL 10150, ochokera ku kafukufuku wa pa Duke pomwe paja, amene kampani ya Aeolus Pharmaceuticals inawapititsa patsogolo. Mu 2011 bungwe la boma la America lotchedwa BARDA linasaina nayo pangano lofika madola 118 miliyoni kuti iwakonze ngati mankhwala a mapapo ovulala ndi cheza. Pa mbewa ndi pa anyani, mankhwalawa anachulukitsa chiwerengero cha opulumuka ngakhale atayamba kuperekedwa patatha tsiku. Anayesedwanso pa nyama zopumitsidwa chlorine ndi mustard, ndiponso pa zovulazidwa ndi poizoni wa minyewa. Ngakhale zinali choncho, sanafike povomerezedwa.

Njira zina zilipo. Likulu la asilikali a America lofufuza za cheza, la AFRRI ku Bethesda, lakhala likufufuza gamma-tocotrienol, wa m'banja la vitamini E, ndi genistein wochokera ku soya. Ena akuyang'ana puloteni yotchedwa Nrf2, imene imadzutsa maselo kuti adzipangire okha chitetezo chochuluka.

Bwanji mustard amatchulidwa kwambiri pa kafukufuku ameneyu?

Chifukwa patha zaka zoposa 100 chiyambire kugwiritsidwa ntchito, pafupi ndi Ypres ku Belgium mu Julayi 1917, koma palibe mankhwala omusukulutsa. Ngakhale amatchedwa mpweya, kwenikweni ndi madzi onanda ngati mafuta, amene amakakamira pa zovala ndi pa nthaka. Akagwera pakhungu, munthu samva kanthu. Amatha kupitiriza ntchito yake maola angapo, pomwe poizoniyo walowa kale m'maselo m'mphindi zochepa. Kenako maso amafiira n'kutupa mpaka osatsegukanso, mawu amasasa, ndipo matuza aakulu odzaza madzi achikasu amabuka, makamaka m'malo a chinyezi monga m'khwapa ndi m'mphechepeche. M'njira ya mpweya, khungu la m'kati limasupuka n'kupanga zotsekera zimene zingam'banikitse munthu.

Ambiri safa nthawi yomweyo. Amakhala ndi moyo, koma moyo wa chifuwa chosatha. Pa nkhondo ya Iran ndi Iraq ya 1980 mpaka 1988, asilikali a Iraq anagwiritsa ntchito mustard kwambiri, kuphatikizapo pa anthu wamba m'tauni ya Sardasht ku Iran mu Juni 1987 ndi ku Halabja m'dziko la Iraq momwemo pa 16 Malichi 1988, kumene anthu pafupifupi 5,000 anaphedwa ndi mipweya yosakaniza. Anthu zikwizikwi a ku Iran akuvutikabe ndi mapapo, maso ndi khungu mpaka lero, ndipo zambiri zimene dziko likudziwa pa zotsatira za mustard zachokera kwa madokotala amene akhala akuwasamalira.

Madokotala ameneŵa ayesapo N-acetylcysteine, mankhwala akale otsika mtengo amene zipatala zimagwiritsa ntchito munthu akamwa paracetamol wambiri. Ntchito yake ndi kupatsa thupi zopangira glutathione. Pa kafukufuku wa odwala a ku Iran, mankhwalawa anachepetsako chifuwa, makhololo ndi kubanika. Sanachotse zipsera za m'mapapo. Koma kwa munthu amene wakhala akukhosomola usiku uliwonse kwa zaka 20, kuchepa kwa chifuwa si chinthu chaching'ono.

Kodi antioxidant angapulumutse munthu amene wapuma sarin?

Payekha, ayi. Sarin, soman ndi VX amatseka enzyme yotchedwa acetylcholinesterase, imene imathetsa uthenga wa minyewa ukamaliza ntchito. Ikatsekedwa, minofu imakokana, malovu ndi mamina zimachucha, mboni za maso zimachepa ngati kadontho, ndipo munthu amalephera kupuma m'mphindi zochepa. Chopulumutsa moyo ndi atropine, pralidoxime, mankhwala oletsa kugwedezeka monga diazepam kapena midazolam, ndi kuthandiza wodwala kupuma.

Antioxidant amabwera pambuyo pake. Munthu akagwedezeka ngati wakhunyu kwa nthawi yaitali, maselo a mu ubongo amadzaza ma free radical n'kuyamba kufa, ndipo kufako kumapitirira ngakhale kugwedezeka kutaleka. Ena mwa opulumuka chiwembu cha sarin m'sitima zapansi za ku Tokyo pa 20 Malichi 1995 anakhala ndi vuto la kukumbukira, kutopa ndi maso kwa zaka zambiri. Ofufuza akufuna mankhwala owonjezera pa atropine oti ateteze ubongo. Zikatheka, phindu lake lidzafika kutali kuposa pa nkhondo, chifukwa mankhwala ophera tizilombo a gulu la organophosphate amavulaza m'njira yomweyo, ndipo amapha anthu ambiri chaka chilichonse kuposa zida.

Amawayesa bwanji, popeza sangaike anthu pa poizoni mwadala?

Mu 2002 FDA inakhazikitsa lamulo lololeza kuvomereza mankhwala otere potengera umboni wa pa nyama. Zofunika zake n'zolimba: ziyenera kudziwika bwino momwe poizoni amavulazira ndi momwe mankhwala amathandizira, phindu lioneke kawirikawiri pa mitundu ya nyama yoposa umodzi, phindulo likhale lenileni monga kupulumuka, ndipo pakhale njira yodziwira mlingo woyenera munthu. Zoti mankhwalawo ndi osavulaza zimayesedwabe pa anthu athanzi odzipereka. Oyamba kudutsa njira imeneyi anali pyridostigmine mu 2003, omwedwa ndi asilikali asanakumane ndi soman.

Ntchito imeneyi imavutitsa nyama, makamaka anyani, ndipo sichinthu chochiona mopepuka. Ndi chifukwa china chofunira kuti mankhwala opita pa gawo limeneli akhale okhawo amene aonetsa kale umboni wolimba.

Ngati zotsatira za pa nyama n'zabwino, n'chiyani chikuchedwetsa?

Choyamba ndi thupi lenilenilo. Ma free radical si adani okhaokha. Asilikali a m'thupi amaphera nawo mabakiteriya, ndipo maselo amatumizirana nawo mauthenga okhudza kupola kwa mabala. Kuwachotsa onse mwa munthu amene chitetezo chake chafooka kale kungabweretse mavuto ena. Kupeza mlingo woyenera, nthawi yoyambira ndi nthawi yosiyira ndi ntchito ya zaka.

Chachiwiri ndi ndalama. Mankhwala a ngozi alibe msika wamba. Wogula ndi boma lokha, limene limawasunga m'nkhokwe likupemphera kuti asadzagwire ntchito. Kampani yaing'ono yodalira pangano limodzi la boma imagwa panganolo likaima. N'chifukwa chake makampani ambiri amafuna kuti mankhwala awo athandizenso odwala khansa, amene cheza chimawawotcha m'kamwa, m'mapapo kapena m'matumbo pochiza chotupa. Koma kumeneko kuli funso lake lovuta: ngati mankhwala akuteteza maselo abwino, satetezanso chotupacho? Kampani iyenera kutsimikiza kuti sizili choncho. Galera Therapeutics inafika patali ndi avasopasem manganese, oteteza zilonda za m'kamwa kwa odwala khansa ya m'mutu ndi m'khosi, koma mu 2023 FDA inakana kuwavomereza, ikufuna kafukufuku wina.

Maganizo athu ndi akuti kukana kotere, ngakhale kumapweteka, n'koyenera. Mankhwala osungidwira tsiku la tsoka adzaperekedwa kwa anthu zikwi nthawi imodzi, ana ndi amayi oyembekezera omwe, popanda mpata woyeza wina aliyense bwinobwino. Kukhala ndi mankhwala osagwira ntchito m'nkhokwe n'koopsa kuposa kudziwa kuti mulibe, chifukwa madokotala amawadalira n'kusiya kufunafuna ena.

Ndikamamwa mavitamini ambiri a antioxidant, ndingakhale wotetezeka?

Ayi, ndipo mwina mungadzipweteke. Palibe piritsi la vitamini kapena chakumwa cha zitsamba chimene chatsimikizidwa kuti chimateteza munthu ku cheza champhamvu kapena ku mpweya wa poizoni. Ogulitsa amene amalonjeza zimenezi, makamaka nkhani ya nyukiliya ikamveka pa wailesi, akudyera pa mantha a anthu.

Kafukufuku wamkulu wa ku Finland amene zotsatira zake zinatuluka mu 1994 anapeza kuti amuna osuta fodya opatsidwa beta-carotene anadwala khansa ya m'mapapo kwambiri kuposa osapatsidwa, ndi 18 peresenti. Wina wa ku America, wotchedwa CARET, anaimitsidwa mu 1996 atapeza zofanana. Mu 2011 kafukufuku wa SELECT anaonetsa kuti vitamini E anawonjezera khansa ya prostate ndi 17 peresenti. Idyani zipatso ndi ndiwo zamasamba chifukwa n'zabwino pa thanzi. Ngati mukulandira chithandizo cha khansa, musamwe mavitamini owonjezera musanafunse dokotala wanu.

Zida za poizoni zinaletsedwa kale. Pakufunikiranji kuvutika ndi kafukufukuyu?

Pangano loletsa zida zimenezi linayamba kugwira ntchito mu 1997, mayiko 193 analowamo, ndipo mu Julayi 2023 bungwe loyang'anira panganoli la OPCW, la ku The Hague, linatsimikiza kuti zida zonse zimene mayiko anaulula zawonongedwa. Ndi chipambano chachikulu. Komabe sarin anapha anthu mazanamazana ku Ghouta m'dziko la Syria mu Ogasiti 2013, ndipo poizoni wa minyewa wotchedwa Novichok anagwiritsidwa ntchito ku Salisbury ku England mu 2018.

Kupatula apo, poizoni wambiri safuna nkhondo. Chlorine amayenda m'sitima ndi m'zombo tsiku lililonse popita kukayeretsa madzi ndi kumafakitale. Mu Januwale 2005 sitima itagunda inzake ku Graniteville ku South Carolina, chlorine anapha anthu 9. Mu Juni 2022 thanki itagwa padoko la Aqaba ku Jordan, anafa 13. Zipangizo za cheza zili m'zipatala, m'migodi ndi m'mafakitale padziko lonse, ndipo zina zimasowa monga zinachitikira ku Goiânia.

Ngozi itachitika lero, mankhwalawa asanapezeke, munthu angachite chiyani?

Pa utsi wa poizoni, chokani pamalopo mwachangu, molowera kumene mphepo ikuchokera kapena modutsa m'mbali mwake, ndipo pitani pamalo okwera chifukwa mipweya monga chlorine ndi yolemera, imatsikira m'zigwa ndi m'zipinda zapansi. Pa ngozi ya nyukiliya, lowani m'nyumba ya makoma okhuthala, khalani pakati pake kapena m'chipinda chapansi, tsekani mazenera ndi zitseko, ndipo mverani malangizo a akuluakulu pa wailesi.

Vulani zovala zakunja. Kuchita zimenezi kokha kumachotsa mpaka 90 peresenti ya fumbi la cheza limene lakugwerani. Ngati chovala chanyowa ndi poizoni, chiduleni m'malo mochidutsitsa kumutu, n'kuchimanga m'pulasitiki. Sambani ndi sopo ndi madzi ambiri osakhula khungu mwamphamvu, ndipo tsukani m'maso ndi madzi oyera kwa mphindi 10 kapena 15. Potassium iodide musamwe pokhapokha azaumoyo atalengeza. Pitani kuchipatala ngakhale mukumva bwino, chifukwa mustard, mpweya wina wapoizoni wotchedwa phosgene ndi cheza zimachedwa kuonetsa zizindikiro. Kumbukirani nthawi imene munayamba kusanza ndipo mukamuuze dokotala, chifukwa pa ngozi ya cheza nthawi imeneyo imam'thandiza kuyerekeza mlingo umene mwalandira.